Muyeso wa Siliva pa Zakaati

Bismillahir Rahmanir Rahim.

Ramadhani yatifikiranso, ndipo ambiri mwa ife timakonda kutulutsa Zakaati m'mwezi uno. Koma funso limabwera chaka ndi chaka: kodi munthu akhale ndi ndalama zingati kuti Zakaati imukakamize?

Shariya sinatchule Kwacha. Inatchula kulemera kwa siliva ndi golide. M'nthaŵi ya Mtumiki Muhammad (S.A.W.) Aluya ankagwiritsa ntchito madirihamu a siliva ochokera ku Persia ndi madinari a golide ochokera kwa Aroma, ndipo pamsika ankaziyeza pasikelo. Pambuyo pake Khalifa Abdul Malik bin Marwan anasula dinari yolembedwa Chiarabu chokhachokha cha m'ma 697, dirihamu nitsatira posachedwa. Mtengo wa ndalamazo unali m'chitsulo chenichenicho.

Mtumiki (S.A.W.) anaika nisabu ya siliva pa madirihamu 200, ndipo Zakaati yake ndi madirihamu 5, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 40. Maulama amaŵerengera madirihamu 200 kukhala magalamu 595. Ena amati 612. Nisabu ya golide ndi magalamu 85.

Ife lero tili ndi ndalama zamapepala. Kwacha inaloŵa m'malo mwa paundi mu 1971, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Nchifukwa chake, m'bale wanga, usagwire nambala imene unamva kumzikiti zaka zitatu zapitazo. Funsa mtengo wa siliva pamsika tsiku limene chuma chako chakwanitsa chaka chathunthu cha mwezi, ndipo uchulukitse ndi 595.

Tiyerekeze kuti galamu imodzi ili pa K3,000. Nisabu ikhala K1,785,000. Mayi wogulitsa usipa amene ndalama zake, pamodzi ndi nsomba zoti agulitse, zakwana K2,000,000 ndipo chaka chatha, atulutse K50,000. Katundu wamalonda amaŵerengedwa pa mtengo wake wa tsikulo. Bwato, injini ndi ukonde umene msodzi amagwirira ntchito siziŵerengedwa. Maulama ena amayeza ndalama zamapepala ndi golide, koma ambiri amasankha siliva popeza muyeso wake ndi wotsika, choncho osauka ochuluka amathandizika.

Amene ali ndi siliva weniweni, kaya makobidi akale kapena zibulumwa, amuyeze pasikelo osayang'ana nambala yolembedwa pamwamba pake. Zibangiri ndi mphete zimene amayi amavala, mazihabu a Imam Shafi'i saziikira Zakaati ngati sizinapyole muyeso, pamene a Imam Abu Hanifa amaziikira. Chenjeraninso pa malonda: siliva posinthana ndi siliva akhale wolemera mofanana, ndipo pogula siliva ndi Kwacha mupatsane pompopompo. Ngongole pamenepa ndi riba.

Qur'an yolemekezeka, mu Surat Tawba, ikuopseza ndi chilango choŵaŵa anthu osunga golide ndi siliva osapereka panjira ya Allah. Mayi wamasiye wa kuseri kwa nyumba yako ali ndi gawo m'thumba lakolo. Tenga pensulo usiku uno ukachoka ku Taraweh, uŵerengere bwino, ndipo pamene wakayika ukafunse Shehe wa pamzikiti pako.

Allah alandire kusala kwathu ndi Zakaati yathu. Ameen.