Kugwada Kumeneku Nkupembedza Kodi?

Amayi anzanga, munthu akagwada patsogolo pa thabwa lolembedwa dzina la malemu atate ake, nafukiza lubani, ndiye kuti akupembedza, kapena akungopereka ulemu? Funso limeneli linavutitsa Akhristu ku China zaka zoposa 300.

Wansembe Matteo Ricci, amene anamwalira ku Beijing mu 1610, atawerenga mofatsa ziphunzitso za Confucius anati ndi ulemu chabe, pakuti mphunzitsiyo sanadzitche mulungu, ndipo za mizimu ankanenapo pang'ono. Papa Clement XI analetsa mwambowo mu 1704, koma mu 1939 Roma anauvomereza.

Ine ndimaona kuti oletsawo anaweruza maondo osafunsa mtima. Komabe Ricci nayenso anaipeputsa nkhaniyi. Confucius ankaopa Kumwamba, ndipo anthu wamba ambiri pogwadapo ankapemphadi madalitso kwa makolo awowo.