Za Mlendo ndi Mwini Nyumba: Hotela ya Gaston ku Birmingham

Pa malangizo onse amene makolo ankapereka kwa ana awo, la kulandira alendo ndilo linali lopepuka pakamwa koma lolemera pochita, pakuti mwana ankauzidwa kuti wapaulendo akafika pakhomo amlandire katundu, amuyalire mphasa, ampatse madzi, ndipo asafulumire kumfunsa chimene wadzera kufikira atadya. Mlendo ndi mame, ankatero akuluakulu, sachedwa kukamuka. Koma langizoli lili ndi mbali ina imene sitchulidwa kawirikawiri, ndiyo yakuti amene wagoneka mlendo wasenza nawo mlandu wake, ndipo adani a mlendoyo akadza usiku, chitseko chimene adzathyole ndi cha mwini nyumba. Mbali imeneyi inaonekera poyera mu mzinda wa Birmingham, ku Alabama, m'dziko la America.

Masiku amenewo malamulo a tsankho kumwera kwa dzikolo ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'mabasi ndi m'malo ogona, kotero kuti munthu wakuda, angakhale anali ndi galimoto lakelake ndi ndalama m'thumba, dzuwa likalowa ankasowa pogoneka mutu wake, nagona m'galimoto m'mbali mwa msewu pamodzi ndi mkazi ndi ana. Ndicho chifukwa chake Victor Hugo Green, wogwira ntchito ya positi wa ku New York, anayamba mu 1936 kusindikiza kabuku kotchedwa Green Book, kolozera apaulendo nyumba zimene zikanawalandira popanda chipongwe.

Arthur George Gaston, amene anabadwira ku Demopolis mu 1892 ali mdzukulu wa akapolo, anayamba ndi kugulitsa chakudya kwa anzake a pamgodi, kenaka nayambitsa bungwe lothandizana pa maliro limene linakula kukhala kampani ya inshuwalansi. Ndipo mu 1954, atalemera, anamanga ku Birmingham hotela ya zipinda 32, chilichonse ndi telefoni yake ndi makina oziziritsa mpweya. Ena angati anangoona malonda, ndipo nzoona, pakuti mkuluyo sankataya khobidi pachabe. Koma akadafuna phindu lokha akadamanga zisakasa, popeza wosowa pogona sasankha. Iye anafuna kuti mlendo wakuda agone mwaulemu monga mzungu. Oimba otchuka monga Duke Ellington ndi Count Basie anagonamo.

Chiyeso chinafika mu 1963, pamene abusa Martin Luther King Jr., Ralph Abernathy ndi Fred Shuttlesworth anasandutsa chipinda nambala 30 kukhala bwalo lokonzerapo zionetsero zotsutsa tsankho. Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa Gaston sanagwirizane nawo pa zonse: anali munthu wokonda kukambirana mwakachetechete ndi azungu amalonda, ndipo maganizo otulutsa ana asukulu kukaguba m'misewu anawakana ndithu, poopa agalu ndi mipope ya madzi ya Bull Connor, mkulu woyang'anira apolisi. Komabe sanawathamangitse alendo akewo, kapena kuwauza kuti akapangire upo wawo kwina. Ndipo King atatsekeredwa, anatulutsa ndalama zake namlipirira belo. Kusiyana maganizo ndi mlendo sikumasula mwini nyumba ku udindo wake, ndipo ine ndiyesa kuti kuchereza munthu amene ukutsutsana naye ndiko kovuta koposa kuphera nkhuku bwenzi.

Pa 10 Meyi, m'bwalo la hotelayo, atsogoleri analengeza pangano limene anachita ndi eni masitolo la kuchotsa tsankho m'malo odyera ndi kulemba ntchito anthu akuda. Usiku wa tsiku lotsatira bomba linaphulika kunsi kwa chipinda chija, nilibowola khoma. King anali atapita kale kwawo ku Atlanta, ndipo chimene chinagumuka chinali chuma cha mwini nyumba. Mu Seputembala chaka chomwecho adani anaponyanso moto pa nyumba imene Gaston ankakhala.

Lamulo la 1964 loletsa tsankho m'malo ogona litakhazikitsidwa, alendo anayamba kupita ku mahotela aakulu amene kale ankawakana, ndipo malonda a Gaston anazilala pang'onopang'ono. Sindinena kuti kumeneko kunali kusayamika, pakuti ufulu wogona kumene munthu afuna ndiwo unkakonzedwa m'chipinda nambala 30 muja. Mu 1982 hotelayo inasanduka nyumba yosungiramo okalamba, nikhala chotero kufikira 1996, chaka chimene Gaston anamwalira ali ndi zaka 103. Inakhala yotseka zaka zambiri, ndipo mu Januwale 2017 Pulezidenti Barack Obama anaiika m'gulu la malo osungidwa ndi boma okumbutsa nkhondo ya ufulu ya ku Birmingham.