Za Bala Losaoneka ndi Maso

Munthu akathyoka mwendo palibe amene amfunsa umboni wa ululu wake. Pfupa lioneka pa chithunzi cha dotolo, ndipo abale ndi eni nchito omwe abvomera msanga kuti agone kufikira atachira. Koma alipo wina amene wagwa pa njinga, kapena wagundidwa mutu pa masewera a mpira, nakomoka kamphindi, nadzuka, nayenda yekha kupita kwao wopanda chilonda ngakhale chaching'ono. Patapita milungu itatu munthu yemweyo ali kudandaulabe kuti mutu umpweteka, aiwala zimene anauzidwa m'mawa, atopa dzuwa lisanafike pamutu, ndipo phokoso la ana ake limkwiyitsa. Kodi ameneyu timkhulupirire? Ndipo tikapanda kumkhulupirira, kodi tamlakwira, kapena tangochenjera?

Funso limeneli linagawa madotolo zaka zambiri. M'chaka cha 1961 Henry Miller, dotolo wa matenda a mitsempha wa ku Newcastle ku England, analemba mu British Medical Journal za anthu obvulala pa ngozi amene anali kufuna ndalama za chipepeso. Iye anati madandaulo otere achuluka mwa obvulala pang'ono koposa mwa obvulala kwambiri, naweruza kuti gwero lake ndi chiyembekezo cha ndalama, ndi kuti mlandu ukatha matendanso atha. Mau akewo analemera m'zipatala ndi m'mabwalo a milandu. Tisafulumire kumyesa munthu wouma mtima. Anthu amene iye anawapima anatumizidwa kwa iye chifukwa cha milandu yao, ndipo munthu wokhala masiku onse pa khomo la bwalo sachedwa kuganiza kuti dziko lonse lili ndi milandu.

Tsono ku Auckland, m'dziko la New Zealand, kunali mai wina dzina lake Dorothy Gronwall, katswiri wa za maganizo ndi kagwiridwe ka ubongo, amene anapereka zaka za nchito yake ku bala lonyozekali, pamodzi ndi Philip Wrightson, dotolo wa opaleshoni ya ubongo. Maiyu sanayankhe ndi mau okha, koma anafuna muyeso. Mayeso ake, odziwika ndi dzina lakuti PASAT, ayenda motere: wodwala amvera manambala ochokera pa tepi, ndipo nambala iliyonse aiphatikize ndi imene inaitsogolera. Akamva 3 ndi 5 anene 8. Akamva 2 anene 7, osati 10, pakuti ayenera kutaya yankho lake loyamba ndi kusunga 5 uja. Manambala ndi 61, ndipo poyamba abwera motalikirana masekondi 2.4, kenaka afulumira kufikira 1.2. Masamu ake ngakhale mwana wa sukulu awadziwa. Chimene chiyesedwa ndi liwiro limene ubongo ulandira nalo zinthu, kuzisunga ndi kuzitaya.

M'chaka cha 1974 awiriwa analemba mu Lancet kuti anthu ogwedezeka ubongo pang'ono achedwa ndithu pa mayeso awa, ndi kuti ambiri abwerera mwakale mkati mwa milungu isanu, koma ena achedwerapo, ndipo madandaulo ao achepa pamene liwiro lija libwerera. Chaka chotsatira, 1975, anaonetsa pa achinyamata 20 kuti wogwedezeka ubongo kachiwiri achedwa koposa wa koyamba, natenganso nthawi yaitali kuti achire. Apa kutopa kuja ndi kukwiya kuja kunayamba kumveka. Munthu amene ubongo wake wachedwa achitabe nchito yake yakale, koma aichita monga wosenza katundu pa phiri, anzake ali kuyenda pa chigwa, ndipo pofika madzulo alibenso mphamvu ya kupirira nayo mwana wolira. Tionjezepo kuti kuyambira 1974 lamulo la New Zealand linachotsa kusumirana ku bwalo chifukwa cha kubvulala pa ngozi, koma odandaula ndi mutu ndi kuiwala sanaleke kufika ku chipatala. Ndiponso mu 1968 D. R. Oppenheimer wa ku Oxford anali ataona kale ndi maikulosikopu timabala tating'ono m'ubongo wa anthu amene anagwedezeka pang'ono namwalira ndi matenda ena.

Nkhani iyi ikondweretsa, koma ili ndi mbali yochititsa manyazi, ndipo owerenga athu aiganizire. Odwala aja anali kunena zoona 1974 isanafike. Tepi ya mai Gronwall sinaonjezere kanthu pa ululu wao. Inangopatsa ife, osamva ululuwo, chifukwa cha kubvomera. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ngati eni ululu ndiwo oyamba kuudziwa, nchifukwa ninji tiyembekeza makina kuti awachitire umboni? Poweruza mnzathu tingathe kuphonya m'njira ziwiri, ndipo njirazi sizilingana kulemera. Tikakhulupirira wonama, titaya ndalama ndi masiku ena a nchito. Tikakana wonena zoona, timchotsera nchito, timdanitsa ndi mkazi wake amene ayamba kumyesa waulesi, ndipo potsiriza iye mwini ayamba kudzikayikira, nadzifunsa ngati wapenga. Kuyesa munthu wonama popanda umboni ndi kumnamizira, ngakhale titachita zimenezi mumtima mokha.

Mau akuti "pang'ono" nawonso asokeretsa. Pa muyeso wa ku Glasgow, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaukonza mu 1974, wodwala wopeza 13 mpaka 15 awerengedwa wobvulala pang'ono. Muyesowo unena za mmene munthu atsegulira maso, alankhulira ndi kusuntha ziwalo pofika ku chipatala. Za mwezi wa mawa sunenapo kanthu.

Komatu chifundo chopanda maso nachonso chipweteka, ndipo Miller sanaphonye zonse. Mu 1996 Laurence Binder ndi Martin Rohling anasonkhanitsa kafukufuku wa anthu ambiri, napeza kuti pamene pali chiyembekezo cha ndalama madandaulo akuladi, makamaka mwa obvulala pang'ono. Mu 1992 Wiley Mittenberg ndi anzake anapempha anthu osabvulala konse kuti ayerekeze mmene akadamvera atachita ngozi, ndipo iwo anatchula zizindikiro zomwezo zimene odwala atchula. Anapezanso kuti odwala aiwala kuti ngozi isanachitike nawonso ankamva mutu ndi kuiwala nthawi zina, monga tichita tonse. Ndiko kunena kuti mantha ndi chiyembekezo cha matenda zingathe kusunga munthu pa mphasa bala litapola kale. Zoona zake nzakuti ochuluka achira mkati mwa miyezi itatu. Mbale amene tsiku ndi tsiku auza wodwala kuti ubongo wako waonongeka, usagwire kanthu, amchitira zoipa zosasiyana kwenikweni ndi za uja womtcha wonama.

Kotero kukhulupirira ululu wa munthu sikufanana ndi kubvomera zonse zimene iye aopa za ululuwo. Ku Melbourne, mu 2002, Jennie Ponsford ndi anzake anaonetsa kuti odwala amene anaonedwanso patapita mlungu umodzi, napatsidwa kabuku kofotokoza zimene adzamva ndi mmene angachitire nazo, anali ndi madandaulo ochepa pa miyezi itatu koposa amene sanauzidwe kanthu. Mankhwala ake anali mau oona, onenedwa msanga: zimene ukumvazi zilipodi, ndipo zidzatha.

Otsala ndi aja owerengeka amene miyezi ipita, chaka chitha, chithunzi cha ubongo chili bwino, mayeso onse akhoza, koma ali kunenabe kuti sali monga kale. Kwa amenewa tepi ya mai Gronwall ilibe mau, ndipo dotolo, mwini nchito ndi mkazi wa kunyumba ayenerabe kusankha Lolemba m'mawa ngati amdzutse kupita ku nchito kapena amleke agone.