KODI WOWERENGA NJOBVU ATUMIKIRA YANI?

Mwa nchito zimene zinafika m'dziko muno pamodzi ndi sukulu zazikulu, pali ina imene anthu ambiri a kumidzi saidziwa bwino, ndiyo ya katswiri wa nyama za kuthengo. Munthu ameneyu sali mlenje, pakuti sapha nyama kuti adye. Salinso mlonda wa nkhalango, pakuti samanga anthu. Nchito yace ndiyo kuwerenga nyama, kulondola mapazi ao, kudziwa cimene zidya ndi kumene zimwa madzi, ndipo pambuyo pace kulangiza Boma. Koma nyama sizidziwa malire. Zituluka m'nkhalango ya Boma nizilowa m'malo a mafumu, ndipo katswiri uja, pozitsata, apezeka ataima m'munda wa mwini wace, cimanga cili lambalamba pansi. Pamenepo pabuka funso lobvuta: kodi munthu ameneyu atumikira yani, njobvu imene anadzera, kapena mlimi amene njobvuyo yamdyera?

Wina adzati funso limeneli silikhudza anthu a ku Chamama, kwa Mfumu Wimbe, pakuti pakati pa zigafa za fodya sipayenda njobvu. Koma Chamama ali pakati pa nkhalango ziwiri zazikulu, ya Kasungu kumadzulo ndi ya Nkhotakota kum'mawa, ndipo cigwa conseci kale cinali thengo limodzi la mitengo ya mombo ndi mtondo, m'mene nyama zinali kuyenda momasuka. Thengolo linatha ndi nkhwangwa, makamaka kuyambira zaka za m'ma 1970, pamene malo ambiri a mafumu anasanduka maesiteti, nayamba kudya mitengo ya zigafa ndi nkhuni zoocera fodya. Cifukwa cace nyama zinapanikizika m'malo owerengeka, ndipo mtolo wokhala nazo pafupi unagwera midzi ya m'malire yokha. Amene anapindula ndi kutha kwa thengo sangathe kunena kuti mlanduwu sauona.

Nkhalango inali mudzi

Coyamba cimene katswiri ayenera kudziwa, asanatsegule buku lace, ndi cakuti malo amene ayendamo ali ndi eni ace. Pamene David Livingstone anafika kwa Mwase Kasungu m'caka ca 1863, anapeza dziko la anthu ambiri ndi malonda a minyanga. Makolo anali ndi malamulo ao a nyama: mlenje akapha njobvu, mnyanga umene unagunda pansi unali wa mfumu, kuzindikiritsa kuti nthaka ndi zoyendapo zili ndi woziyang'anira. M'caka ca 1922 Boma la Atsamunda linasamutsa anthu m'dera la kumadzulo kwa Kasungu cifukwa ca nthenda ya kaodzera, nililengeza kuti ndi nkhalango yotetezedwa. M'caka ca 1930 inakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 inachedwa Kasungu National Park, ya masikweya kilomita oposa 2,000. Kufikira lero m'kati mwace muli ng'anjo zakale zosungunulira citsulo, mboni zosalankhula zakuti kumeneko kunali midzi, minda ndi manda. Munthu wa m'malire akayang'ana tsidya lija la mpanda saona thengo cabe. Aona kwao kwa agogo ace. Katswiri woiwala cimeneci angawerenge njobvu zonse osaphonya imodzi, koma mtima wa mudzi sadzaumva.

Zimene akatswiri anacita

Sikuyenera kunyoza nchito ya anthu amenewa, pakuti yathandiza kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Richard Bell ndi Hugo Jachmann anakhala ku Kasungu akuphunzira za njobvu. Popeza kuti m'thengo lowirira njobvu siziwerengeka bwino ndi maso, iwo anakonza njira yoziwerengera poyang'ana ndowe zace, ndipo analemba za njirayo mu 1984. Bell yemweyo sanaimire pa njobvu zokha, koma analembanso za mbewu zimene nyama zimaononga m'minda. Pambuyo pao, ana a dziko lino, Simon Munthali ndi Daniel Mughogho, anasonyeza mu 1992 kuti anthu a m'malire a nkhalango ya Kasungu angapeze phindu lenileni polola kuti apacike ming'oma ya njuci ndi kutola matondo m'nkhalangomo pa nyengo yace. Nzeru yao inali yakuti munthu sateteza cinthu cimene sadyapo, ndipo matondo, amene mlendo angawayese tizirombo, kwa mai wa pa mudzi ndi ndiwo ndiponso ndalama.

Komabe njobvu zinapitirira kutha ndi mfuti za ofuna minyanga. Zinali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, koma pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50. Njobvu ikhala ndi bere miyezi 22, motero cimene mfuti iononga usiku umodzi sicibwerera msanga. Pofuna kubwezera, m'caka ca 2022 Boma pamodzi ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks linasamutsa njobvu 263 kucokera ku Liwonde kupita ku Kasungu, monga momwe njobvu pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Pa mbali ya luso inali nchito yodabwitsa. Koma mpanda sunali utazinga mbali zonse, ndipo m'miyezi yotsatira njobvu zinalowa m'midzi ya kuno ndi ya ku Zambia, zinaononga minda ndi nkhokwe, ndipo anthu ena anataya moyo. Njobvu imodzi idya makilogalamu oposa 100 pa tsiku. Banja limene lidalira ekala imodzi lingagone lili ndi cakudya ca caka, nkudzuka lilibe kanthu.

Kulakwa kuwiri

Pa nkhani imeneyi munthu angasokere mbali ziwiri. Kulakwa koyamba ndiko kukonda nyama kufikira kuiwala munthu, kuyesa imfa ya mlimi ngati mtengo waung'ono wolipira kuti ciwerengero ca njobvu cikwere. Cimeneci ndi cisalungamo, pakuti munthu yekha ndiye analengedwa m'cifaniziro ca Mulungu, ndipo moyo wace suyesedwa pa sikelo imodzi ndi nyama, ngakhale yosowa cotani. Kulakwa kwaciwiri ndiko kunena kuti nyama ndi ndiwo basi, ndi mtengo ndi nkhuni basi, ndipo zikatha palibe kanthu. Cimeneconso ndi cimo, pakuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, monga kapitao amene adzafunsidwa ndi mwini munda. Mtsinje wa Dwangwa uyambira m'nkhalango ya Kasungu; wotentha nkhalangoyo aumitsa madzi a mnzace amene sanamuone nkhope.

Papa Francis, m'kalata yace ya Laudato Si' ya m'caka ca 2015, anaphunzitsa kuti kusamala cilengedwe ndi kusamala amphawi ndi nchito imodzi yosagawika, ndiponso kuti pamene pakonzedwa nchito zazikulu zokhudza malo a anthu, eni malowo ayenera kukhala oyamba kufunsidwa. Yankho la funso lija lili pomwepa. Katswiri satumikira njobvu motsutsana ndi munthu, kapena munthu motsutsana ndi njobvu. Atumikira coona, ndipo coona cili ndi mbali zonse ziwiri.

Udindo wa katswiri

Udindo woyamba ndi kuodira. Palibe munthu wamakhalidwe amene alowa m'nyumba ya mnzace osanena "odi," ngakhale atanyamula mphatso. Kalata ya ku Lilongwe impatsa cilolezo ca Boma, koma siimpatsa cilolezo ca mudzi. Ayenera kukhala pansi pa bwalo ndi nyakwawa, ndi akulu, ndi amai amene atunga madzi ndi kulondera minda, zinthu zisanacitike, osati kudzawauza zitatha kale. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko kameta bwino mwini mutu akabvomera.

Udindo waciwiri ndi kuwerenga zonse. Amene adziwa kuwerenga njobvu ndi ndowe zace angathenso kuwerenga nkhokwe zogwetsedwa, ana olephera kupita ku sukulu cifukwa ca mantha, ndi usiku umene bambo agona pa nsanja akuomba zitini. Akalemba za njobvu zokha, cifukwa ndizo zikondweretsa opereka ndalama kunja, ndiye kuti wanena bodza ndi kukhala cete kwace. Ayeneranso kunena coona kwa mudzi, ngakhale cowawa: kuti misampha yamaliza nyama, kuti waya wa mpanda wodulidwa kukachera mbawala ndiye khomo lolowera njobvu.

Udindo wacitatu ndi kulimbikira kuti mtolo ugawidwe. Phindu la nyama lipita kwa dziko lonse ndi kwa alendo odzaona, koma zowawa zace zitsala ndi midzi yowerengeka. Cilungamo cifuna kuti opindula athandize osenza, pomanga ndi kukonza mpanda, pobwera msanga nyama zikatuluka, ndi posaiwala amasiye. Katswiri sali mwini cuma, koma mau ace amveka kumene mau a mlimi safika. Akapanda kuwagwiritsa nchito, wakwirira talente yace.

Udindo wa mudzi

Nawo anthu a m'midzi asayese kuti nzeru yosunga cilengedwe inabwera ndi ndege. Woyenda m'cigwa ca Chamama aona kuti pamene patsala mitengo ikuluikulu ya makolo ndi pa manda. Palibe msilikari aima pamenepo. Ulemu wokha ndiwo mpanda. Ngati ulemu wa akufa wasunga mitengo zaka zonsezi, kodi cikondi ca ana amene sanabadwe cingalephere? Mlimi wa fodya angabzale mitengo yace ya nkhuni, angamange cigafa ca mitengo yamoyo cosafuna kudula mizati caka ndi caka, angakane kugula nyama ya m'misampha ndi makala a m'nkhalango yotetezedwa. Mfumu ingakane kugulitsa thengo lotsala la mudzi.

Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati acita bwino kukambirana zimenezi ndi akristu, osati monga nkhani ya Azungu ndi njobvu zao, koma monga gawo la lamulo lacisanu ndi lacisanu ndi ciwiri, loletsa kupha ndi loletsa kuba. Ndipo mnyamata kapena mtsikana wa ku Chamama amene afuna kudzaphunzira za nyama alimbikitsidwe, pakuti dziko lisowa akatswiri amene adziwa kulemera kwa njobvu ndiponso kulemera kwa dengu la cimanga pamutu pa mai wao.