Chikoti ndi Umboni wa Opulumuka

Nkhani yokwapula ana ikabuka pakati pathu pano pa koleji, sipalephera kuimirira wina wonena kuti: "Ine zikoti ndidadya, koma taonani pamene ndafika." Anthu amaseka, ena n'kuvomereza, mtsutso n'kuthera pomwepo. Ine umboni umenewu sindiukhulupirira, ngakhale wouperekayo sakunama.

Vuto lake n'lakuti ife tonse, ophunzira ndi aphunzitsi omwe, ndife opulumuka. Anzathu aja amene ankakwapulidwa chifukwa chochedwa, atayenda mtunda wautali m'mimba muli gwa, ambiri adatopa nasiya sukulu. Iwo sadzafika m'chipinda muno kudzanena zimene chikoti chidawachita. Tsono tikuweruza mlandu titamva mboni za mbali imodzi, ndipo mbonizo ndizo oweruza.

Ena amathawira ku mwambo, ati makolo athu ankatero. Koma tamverani chinenero chathu chomwe. Mawu oti "kulanga" ndiwo tsinde la chilango, komanso ndi omwewo amene timanena anamkungwi akamalanga namwali, ndipo malangizo ndi alangizi adachokera pomwepo. Kulanga kunali kukhazika munthu pansi ndi kumuuza. Sindikuti kumudzi kunalibe mthiko kapena kamtengo. Kunali, ndipo kusimba nako kunali zowawa zake. Ndikungoti ife tasankha tanthauzo lofulumira, n'kulitcha mwambo wonse. Akulu omwewo adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha m'manja. Amene adapeka mwambi umenewu ankadziwa kuti chinthu chimaphunzitsa bwino chikamulakwira mwana iye akuona. Oŵerenga Miyambo 13:24 ndiwasiya ndi abusa awo.

Nanga chikoti chimaphunzitsa chiyani? Kuti chimaphunzitsa sindikana. Mwana wakuba shuga akakwapulidwa, mawa amakumbukira kupukuta pakamwa. Waphunzira kuŵerenga nkhope ya wamkulu ndi kumvera mapazi pakhonde. Chifukwa chimene kuba kuli koipa sanachimve, pakuti ululu ulibe mawu. Ndipo pali phunziro lina limene amalitola popanda womuuza: kuti wamphamvu akakwiya, thupi la wofooka ndi lake. Phunziro limenelo salisiya pasukulu. Amapita nalo kubanja, ndiponso ku ofesi akadzapatsidwa mpando.

Malamulo aakulu a dziko lathu a 1994, pa gawo 19, amaletsa chilango chokwapula pa milandu ya kukhoti ndi pa zochitika zina za nthambi za Boma. Taganizani: wakuba mbuzi wa ndevu zake tidagwirizana kuti thupi lake lisakhudzidwe, koma kamwana ka zaka 7 kolephera masamu tikukaikirabe. Dziko la Sweden lidaletsa kumenya ana ngakhale panyumba mu 1979. Wina anganene kuti izo n'za Azungu, koma khoti lalikulu la South Africa lidagamula chimodzimodzi mu 2019, ndipo anansi athu a ku Zambia adakhazikitsa lamulo lotero mu 2022.

Pamene ndimachita kakasi ndi pa mphunzitsi wa kumudzi. Sukulu zapulaimale zitakhala zaulere mu 1994, ana adawonjezeka kuchoka pafupi 2 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni, makalasi ena n'kumachitikira pansi pa mtengo. Munthu mmodzi, choko m'manja, ana oposa 100 patsogolo pake: adzalanga yani pomukhazika pansi? Iye chikoti sachinyamula chifukwa cha nzeru zakuya; chimamugulira bata la mphindi zochepa kuti amalize phunziro. Ndimamumvetsa. Koma tinene zoona, pamenepo mwana akulipira ndi thupi lake ngongole ya makalasi amene sadamangidwe ndi aphunzitsi amene sadalembedwe ntchito. Ambiri a ife tikamaliza pano tikaima patsogolo pa makalasi otero, ndipo pa desiki tikapeza kamtengo kosiyidwa ndi amene tikumulowa m'malo.