Kodi wa chipani china ndi mnansi wanga?

Funso ili landivuta chiwonereni filimu yakale ya ku Italy yotchedwa Don Camillo, ya mu 1952. Ndi nkhani yoseketsa ya wansembe wa m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Po ndi meya wa chikomyunizimu, Peppone. Nkhondo inali itangotha, ndipo chisankho cha 1948 chidagawa dzikolo pakati. Awiriwa sankamwerana madzi. Peppone atafuna kuti khanda lake libatizidwe dzina la Lenin, nkhani idafika pa zibakera. Chondikondweretsa n'chakuti Yesu wa pamtanda wa m'tchalitchimo amayankhula ndi wansembeyo, ndipo kawirikawiri wodzudzulidwa ndi iyeyo, osati mkomyunizimu.

Pamene pali phata ndi apa. Antchito a m'mafamu atanyanyala ntchito, ng'ombe zidatsala m'khola zosadya, zosakamidwa, zikulira. Usiku Don Camillo ndi Peppone adalowa mobisa kukazidyetsa ndi kuzikama limodzi.

Kodi Peppone sadapereke anzake pamenepa? Tisafulumire kukana. Antchitowo anali osauka, dandaulo lawo linali loona, ndipo kulira kwa ng'ombe ndiko kukadafewetsa eni mafamu. Komabe ine ndikuti adachita bwino. Sadasiye chimene ankakhulupirira. Kutacha mkangano udapitirira. Adangokana kuti mkanganowo uphe chimene mudzi wonse umadalira. Ife oweta ng'ombe kuno kuchigwa tikudziwa kuti khola likatha, njala siyifunsa kuti udavotera ndani.

Italy idaisunga filimuyi. Mu 2008 idalowa m'ndandanda wa mafilimu 100 oyenera kutetezedwa, ndipo ku Brescello, kumene idajambulidwa, kuli nyumba yosungiramo zinthu zake kuyambira 1989. Papa Francis adamutchula Don Camillo ku Florence mu Novembala 2015 ngati wansembe wokhala pafupi ndi anthu ake. Ndikuganiza kuti anthuwo adadziwonamo okha.

Nafenso tingadziwonemo. Filimu yotsatira, ya mu 1953, imatha ndi Po atasefukira, wansembe atatsala m'tchalitchi chodzala madzi. Ife ozungulira dambo la Elephant Marsh sitifuna wotifotokozera zimenezo. Mu Januwale 2015 Shire ndi Ruo zidazinga Makhanga, ndipo mu Marichi 2023 adabwera Freddy. Mwini bwato akamapalasa kukatenga anthu pamtengo sayang'ana mtundu wa nsalu ya chipani imene avala.

Vuto limabwera madzi akaphwera. Pamene tikulemba maina a olandira ufa, posankha atsogoleri a mphakati, pa maliro a munthu amene adatinyoza nthawi ya kampeni, m'pamene timakumbukira msanga za nsalu ija. Mwina amene mumuchonge mtendere pa Misa ya lero ndi yemweyo amene mudalumpha dzina lake pa kaundula.