Tikapita kolumbiritsa pulezidenti, timapita ngati ndani?



Nthawi yolumbiritsa pulezidenti ikafika, timafunsana ngati Msilamu ayenera kupitako. Ena amati kumachuluka magule, amuna ndi akazi amapanikizana, Dhuhr imakudutsa uli pakati pa chinamtindi. Zoonadi, ndipo amene watsala pakhomo pa zifukwa zimenezi sindingamutsutse. Koma ine funso londivuta ndi lina: ife amene tapitafe, tapita ngati ndani?

Lamulungu pa 28 June 2020, a Lazarus Chakwera ndi a Saulos Chilima analumbira pa Malawi Square muno mu Lilongwe. Ndinalipo, tinanyamuka kagulu kuchokera ku Kawale. Lumbiro lenilenilo, limene mkulu wa oweruza a Andrew Nyirenda anatsogolera, linali la mphindi zochepa, ndipo pomwe ndinaima panali mavuvuzela ndi nthungululu zokhazokha. Pa 4 October 2025 a Peter Mutharika, omwe anagonja mu 2020 aja, analumbira pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Nsalu za khamu zinasintha mtundu, koma lonjezo ndi lomwe lija: kuteteza malamulo oyendetsera dziko, ndi kuchitira chilungamo anthu onse mopanda mantha, kukondera kapena chidani.

Lumbiro limafuna womva. Tonse amene tinadutsa ku madrassa tikudziwa kuti nikaah siimangidwa popanda mboni. Ndipo mboni siibwerera mpunga ayi. Tsiku lina mkangano wa mahari ukadzabuka, ndi iyo imene adzaiitane, ndipo siingati "ine ndinangobwera kudzasangalala nawo." Surat Al-Baqarah imaletsa kubisa umboni. Surat An-Nisaa imapitirira pamenepo: umboni uperekedwe ngakhale ukupweteka iwe mwini, makolo ako kapena abale ako.

Ndiye ine ndimaona kuti khamu la pa mwambo uja ndi mboni, lifune lisafune. Munthu watchula Mulungu pamaso pathu, ife tamva. Basi, tasenza.

Mu 632, Abu Bakr (Allah asangalale naye) atasankhidwa kukhala Khalifa, anaima mu mzikiti wa ku Madina n'kuuza anthu kuti iye si wopambana onse, kuti amuthandize akachita bwino ndi kumuwongola akakhota, ndiponso kuti kumumvera kudzatha tsiku limene iye adzasiye kumvera Allah ndi Mtumiki wake. Taonani, tsiku loyamba lomwelo anawapatsa anthu ntchito. Sindikuti pulezidenti wa Malawi ndi Khalifa, musandimve molakwa. Ndikungoti mwambo wathu sudziwa khamu loombera m'manja n'kubalalika.

Povuta ndi apa. Ambirife timapita ngati masapota a Bullets kapena Silver, kwa amene wolakwa nthawi zonse ndi refu. Amene anavina mu 2020, ena mwa iwo anakhala chete pomwe ntchito 1 miliyoni zija sizimaoneka, pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe magalimoto ankagona pa mzere wa mafuta. Amene ankalankhula kwambiri nthawi imeneyo ndi omwe avina mu 2025, ndipo mayeso awo ndi ano. Ifenso Asilamu tili ndi kachiyeso kathu. Akuluakulu athu amakumbukira 1994 monyadira, pomwe a Bakili Muluzi anakhala Msilamu woyamba kulamulira dziko lino, ndipo kunyadako ndimakumvetsa. Koma mawu oti "ndi wathu", kaya wa chipembedzo, kaya wa chigawo, ndi amene amatseka pakamwa mboni msanga kuposa ndalama.

Mnzanga wina wa ku Area 23 amandiseka. Amati, "Akhi, umboni wako wa munthu mmodzi pakati pa anthu masauzande, akuufuna ndani?" Ndimamuyankha ndi mwambo wa 2020 womwewo. Sukanachitika khothi likanapanda kuthetsa zotsatira za chisankho cha May 2019, pa 3 February 2020. Ndipo oweruza asanu aja sanalote. Anaona mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex, n'kumva anthu amene anaima pamaso pawo mmodzimmodzi, atalumbira, kunena zimene anaona.